Masiku awiri kunyumba, atatu ku ofesi: kodi ndi ulesi?

Moni abale ndi alongo! Lero tili pa nkhani yogwira ntchito masiku ena ku ofesi, ena kunyumba. Ngati ndinu atsopano, dinani subscribe tipitire limodzi.

Choyamba, mwachidule: masiku akhale okhazikika, ndipo anthu a gulu limodzi azibwera tsiku limodzi. Aliyense akamasankha yekha, munthu amalipira minibasi n'kukapeza anzake onse ali pa Zoom.

Chachiwiri, apa ndiye pamandiwawa. Mabwana ambiri amati wotsala kunyumba amangogona. Ayi ndithu! Mu 2021 kampani ya Trip.com ya ku Shanghai inayesa zimenezi pa antchito 1,612 kwa miyezi 6. Tamvani mmene anawagawira: obadwa pa deti ngati 1, 3 kapena 5 ankaloledwa kugwirira kunyumba Lachitatu ndi Lachisanu, obadwa pa 2, 4 kapena 6 ankabwera masiku onse asanu. Mwaona? Palibe bwana amene anasankha wapamtima wake, choncho magulu awiriwa anali ofanana.

Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anafalitsa zotsatira m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature mu 2024. Pagulu lololedwa kugwirira kunyumba, osiya ntchito anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, makamaka amayi ndi okhala kutali ndi ofesi. Nanga ntchito inatsika? Pamene ankaunika kagwiridwe ka ntchito kwa zaka ziwiri zotsatira, sanapeze kusiyana. Kukwezedwa paudindo, chimodzimodzi. Ngakhale code (malangizo a mapulogalamu a kompyuta) imene mainjiniya ankalemba sinachepe. Mamanijala a kampaniyi poyamba ankati zokolola zitsika, koma ataona ndi maso anasintha maganizo. Tumizirani bwana wanu vidiyoyi! Koma musanamize anthu: awa ndi masiku awiri okha, osati sabata yonse.

Chachitatu, ofesi yopanda makoma. Ethan Bernstein ndi Stephen Turban a ku yunivesite ya Harvard anapeza mu 2018 kuti makampani awiri atachotsa makoma, kuyankhulana pamasom'pamaso kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, maimelo n'kuchuluka. Munthu akasowa pobisala amavala mahedifoni, basi. Ndiye patulani kachipinda kotseka koyimbiramo foni.

Madesiki awerengedwe potengera tsiku limene anthu amadzaza kwambiri. Antchito 10, madesiki 6, onse n'kubwera Lachiwiri, anayi agwirira pati? Tiuzeni m'makomenti mmene zilili kwanuko.

Chachinayi, kwathu kuno: musanavomere Lachitatu la kunyumba, gwirizanani kuti bandulo ya intaneti akugula ndani, komanso kuti magetsi a ESCOM akathima laputopu muitchajira kuti. Zimenezi zilembedwe papepala.