Ma credit a ku community college, asatayike popita ku yunivesite

Eya, moni nonse abale. Ndati ndingojambula mawu, mafunso okhudza kusamutsa ma credit achuluka. Ndikulankhula ndi inu amene muli ku Ivy Tech, kapena community college ina kuno ku America, amene mukufuna kukamalizira digiri ku yunivesite.

Choyamba... ayi, ndiyambe ndi manambala. Ma credit ndi mapointi amene mumapeza mukakhoza kalasi. Associate degree, digiri ya ku community college, ndi ma credit pafupifupi 60, bachelor's ya ku yunivesite ndi 120. Kalasi iliyonse yesetsani kupeza C kapena kuposa apo, D mayunivesite ambiri salandira. Makalasi aja okonzekeretsa, masamu ndi Chingelezi chapansi chija, sawerengedwa pa digiri.

Tsopano apa tcherani khutu, chifukwa ine zinandivuta pomwepa. Kulandira credit n'kwina, kuiwerengera pa digiri yanu n'kwinanso. Ndibwereze? Yunivesite ikhoza kukuuzani kuti talandira zonse, inu chimwemwe, mpaka kuimba foni kumudzi. Mukatsegula degree audit, pepala lija losonyeza zimene zatsala, mupeza makalasi ena awaika pansi penipeni, pa elective, makalasi ongosankha owonjezera. Alipo ndithu, koma sakuchepetsa chilichonse pa major yanu, phunziro lenileni la digiri yanu. Biology wanga anakathera kumeneko chifukwa analibe lab. Ndinabwereza kalasi yonse, ndalama zinanso.

Ndiye musanalembetse kalasi, ndati musanalembetse, osati mutalipira kale, pitani kwa advisor wa ku yunivesite kumene mukupitako. Wa pa college panu ndi wothandiza, inde, koma wogamula si iyeyo. Funsani kuti kalasi iyi ilowa m'malo mwa iti pa major yanga? Ayankhe pa imelo, musunge. Zapakamwa zimasowa umboni.

Kwa ife a ku Indiana pali mwayi. Pali Core Transfer Library, mndandanda wa makalasi amene masukulu aboma amalandirana. Palinso Indiana College Core, ma credit 30 a maphunziro oyambirira, mukamaliza onse amapita pamodzi ku yunivesite yaboma ya m'Indiana momwemo. Yaboma, ndikuti. Ya private, kapena ya state ina, funsani kaye.

Mnyamata wina, sinditchula dzina, tinamuuza mobwerezabwereza kuti AAS, associate degree ya applied science ija, ndi yokonzera munthu kukayamba ntchito, ofuna kupitiriza nthawi zambiri amatenga AA kapena AS, associate ya arts kapena ya science. Iye amvekere anzanga onse atenga imeneyi. Lero makalasi ambiri akuyambiranso, zimandimvetsa chisoni kwambiri.

Ndinali pati... eya, syllabus. Musataye syllabus, pepala la ndondomeko ya kalasi iliyonse, ijambuleni pa foni. Akakana credit mumatha kuchita apilo, ndipo amafuna kuona imeneyo, mitu imene munaphunzira, buku, maola a lab.

Transcript, chikalata cha magiredi anu, atumize ndi a college, yochoka kwa iwo kupita ku yunivesite. Yosindikiza nokha kunyumba sailandira. Magiredi omaliza akatuluka mutumizenso ina. GPA, avareji ya magiredi anu, kawirikawiri mumayambanso yatsopano, musadabwe. Komanso mayunivesite ambiri amafuna kuti ma credit ena, nthawi zambiri 30, muwatengere konko, ndiye musangounjika kuno.

Aa, ndikanaiwala, inu a F-1, viza ya ophunzira ochokera kunja. Akakulandirani, pitani ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja ya pa college panu asamutse SEVIS yanu, rekodi yanu ya ku boma, sukulu yatsopano ikupatseni I-20 ina, chikalata chosonyeza kuti ndinu wophunzira wawo. Tsiku losamutsira mugwirizane nawo bwinobwino, semesita isanayambe.