Intaneti ikavuta, yambirani pafupi musanagule bandulo ina

Zikomo amayi ndi abambo. Achinyamata a kumbuyoko, sunthirani kuno kuti muzionako bwino. Ambirife kuno ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose, intaneti ikangoima timathamangira kugula bandulo ina. Kawirikawiri ndalamazo zimangolowa m'madzi, poti vuto limakhala lili m'nyumba momwemo. Kompyuta yanu ikhoza kukuuzani pamene pafa, bola muziifunsa kuyambira pafupi kumka kutali.

Pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe cmd, mudine Enter. Patuluka kazenera kakuda. Musachite nako mantha, zimene tilembemo lero sizifufuta kanthu.

Lembani ipconfig, mudine Enter. Pa zonse zatulukazo tikufunapo mizere iwiri yokha. Wa IPv4 Address ndi adiresi ya kompyuta yanu, wa Default Gateway ndi ya router, kabokosi kamene kamagawa intaneti m'nyumba. Adiresi yanu ikayamba ndi 192.168, ndiye kuti router yakulandirani. Ikayamba ndi 169.254, imani pomwepo. Imeneyo Windows yadzipatsa yokha itaona kuti router sikuyankha. Onani ngati chingwe chalowa bwino, kapena ngati muli pa WiFi yoyenera. Zimitsani router kwa masekondi 30, muyatsenso, kenako mulembe ipconfig /release, pambuyo pake ipconfig /renew.

Tsopano ping. Ping ndi odi wa kompyuta: imaodira pakhomo, n'kumvetsera ngati wina ati odini. Lembani ping, musiye mpata, mulembe adiresi ya router ija. Ma router ambiri ndi 192.168.1.1, ma MiFi (ma router ang'onoang'ono oyenda nawo) ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, koma inu lembani imene mwaiona pa kompyuta yanu. Windows imaodira kanayi. Mukaona Reply from kanayi konse, ndi Lost = 0 kumunsi, m'nyumba muli bwino. Yang'ananinso pamene palembedwa time, imene ndi nthawi yodikira yankho, yowerengedwa mu ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Pa chingwe pamakhala 1 ms kapena kucheperapo, pa WiFi yabwino sipadutsa 10 ms kawirikawiri. Mukaona Request timed out pano, kampani yanu ya intaneti ilibe mlandu. Mwina mwatalikira router, mwina makoma akutchinga, mwina chingwe chathyokera m'kati.

Router ikayankha, tulukani kunja: ping 8.8.8.8. Imeneyi ndi adiresi ya seva ya Google, kompyuta imene ntchito yake ndi kuyankha makompyuta ena pa intaneti. Ikakhala chete pamene router yayankha, vuto lili pakati pa nyumba yanu ndi kampani. Apa ndiye ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa kuno ku Harare ambiri timagula bandulo ya WhatsApp yokha kapena ya Facebook yokha. Bandulo yotere sitsegula intaneti yonse. Mauthenga azilowa pa foni, koma kompyuta ikapempha zina ikanizidwa. Onani kaye mtundu wa bandulo ndi data yotsala. A fibre, onani kabokosi kanu: nyali ya LOS ikafiira, chingwe cha kunja chavuta, imbani foni. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja ya netiweki nayonso imadalira mabatire kapena jenereta, choncho inu mukhoza kukhala ndi sola m'nyumba koma nsanjayo itagona.

Kenako ping google.com. Manambala aja akayankha koma dzinali likabweza could not find host, vuto ndi DNS, imene imasandutsa mayina kukhala manambala. Lembani ipconfig /flushdns, muyesenso. Nslookup google.com ikuonetsani seva imene ikufunsidwa ndiponso ngati ikuyankha. Ikapitiriza kukana, sinthani DNS mu Settings, muikemo 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Chosautsa kwambiri ndi intaneti yodukaduka, ija mukulankhula ndi achibale a ku Lilongwe mawu n'kumathawa. Kuodira kanayi sikungaigwire imeneyo. Tsegulani mazenera akuda awiri. Mu loyamba lembani ping -t ndi adiresi ya router, m'lachiwiri ping -t 8.8.8.8. Zisiyeni ziyende mphindi zitatu, kenako mudine Ctrl ndi C. Onse awiri akamaduka nthawi imodzi, konzani WiFi yanu: sendezani router pamalo oonekera, kapena lumikizani chingwe. Wa router ukamayenda bwino koma wakunja n'kumaduka, vuto lili kunja. Time ikamakwera kufika mazana angapo madzulo okhaokha, ndi kuchulukana kwa anthu, kapena mwana akukopera filimu kuchipinda. Muyambe mwafunsa m'nyumbamo.

Chotsiriza ndi tracert google.com, chimene chimaonetsa malo onse amene uthenga ukudutsa, mpaka 30. Dziko lino lilibe nyanja yamchere, motero zopita ku London zimayamba zadutsa m'maiko oyandikana nafe kuti zikafike pa zingwe za pansi pa nyanja. Musadabwe time ikalumpha pakatipo. Mzere umodzi wa nyenyezi (* * *) si vuto, makina ena amangosankha kusayankha. Koma nyenyezi zikayambira pa mzere wachiwiri kapena wachitatu mpaka kumapeto, jambulani zimenezo ndi foni, mulembe nthawi yake, mutumize kwa a kampani pamodzi ndi zotsatira za ping zija. A Mac ndi Linux, kwa inu ndi traceroute, ndipo ping yanu siima yokha mpaka mutadina Ctrl ndi C.

Amene mwabwera ndi ma laputopu, tsegulani tiyambe ndi ipconfig.