Kuwedza striped bass pa mchenga wa ku Cape Cod

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ndamva kuti ena mwa inu mwapangana zopita ku Cape Cod, gombe la ku Massachusetts kuno ku America, mu Juni muno ndi mbedza, ndiye ndati ndikuuzeniko zomwe ndaona pa zaka zomwe ndakhala ndikuviika miyendo kumeneko.

Nsomba yake ndi striped bass, ku Maryland amati rockfish. Ndi yoyera mbee, ili ndi mizere yakuda 7 kapena 8 kuchokera kumutu mpaka kumchira. Imaikira mazira m'madzi opanda mchere, makamaka m'mitsinje yothira mu Chesapeake Bay, komanso m'mitsinje ya Hudson ndi Delaware. Kunja kukayamba kufunda imatsata gombe kubwera kuno kumpoto. Mu 2011 munthu wina ku Connecticut anavuula ya makilogalamu 37. Musaseke amayi, ndi zoona. Koma inu musapite ndi mtima umenewo.

Choyamba ndi madzi. Ife okulira kunyanja ya kwathu timadziwa mwera ndi mpoto, ndipo madzi athu amakwera ndi mvula n'kutsika ndi chilimwe. Kuno amadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa mwezi umawakoka. Maola ngati 6 akubwera, maola ngati 6 akupita. Ku Brewster, tawuni ya ku Cape Cod komweko, akaphwa mumayenda pa mchenga kupitirira kilomita, koma akabwerera amakwera pafupifupi mamita 3. Nsomba zimabwera nawo madziwo. Zimalowera m'timakwawa ta mumchenga, n'kumasaka nkhanu ndi tinsomba towonda tomwe timadzikwirira pansi, m'madzi olekeza m'mawondo.

Ndiye kumeneku n'kuwedza ndi maso. Simuponya musanaione. Mumafuna dzuwa lili pamutu, mukhale molifulatira, mutavala magalasi aja ochotsa kunyezimira kwa madzi. Nsomba yeniyeniyo siioneka msanga ayi, imafanana ndi mchenga. Chomwe mumayamba kuona ndi chithunzithunzi chake chikuyenda pansi.

Nyambo si nyongolotsi kapena usipa. Ndi nthenga ndi ubweya zomangidwa pa mbedza kuti zioneke ngati kansomba kapena kankhanu, amati fly. Ina yotchuka, Lefty's Deceiver, anaipanga Lefty Kreh pofuna nsomba yomweyi ku Chesapeake. Ina ndi Clouser Minnow, yokhala ndi timaso tolemera tomwe timaimiza. Nthenga sizilemera, choncho chomwe mumaponya ndi chingwe, nyambo imangotsatira. Muzitenganso kabeseni komanga m'chiuno kounjikiramo chingwe, apo ayi chikukolani m'miyendo nthawi yomwe mukuchifunitsitsa.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwa. Ukaiona nsomba mtima umagunda, umafuna kuiponyera pamphuno penipeni. Ine chaka choyamba ndinkatero, ndipo ndinkangoona fumbi la mchenga, yapita. M'madzi osaya imakhala ndi mantha, ngakhale chithunzithunzi cha chingwe chimaithawitsa. Ponyani patsogolo pake mapazi angapo, nyambo imire, mudikire. Ikayandikira mukoke pang'ono, ngati kankhanu kakuthawa. Nkhanu sithamangira nsomba, ndiye nyambo yanu isapite kumene kuli nsombayo. Ikameza musakweze ndodo monga tinazolowera. Kokani chingwe ndi dzanja kamodzi, mwamphamvu, kenako muisiye ithamange.

Tsopano chomwe ndaimirira pano. Madzi aja sabwera kutsogolo kwanu kokha. Amayamba adzaza makwawa a kumbuyo, pakati pa inu ndi mtunda, inu maso ali pa nsomba. Tsiku lina ndinacheuka n'kupeza pomwe ndinaoloka madzi ali m'kakolo afika m'chifuwa, akukoka. Ndinaoloka ndodo ili m'mwamba, pakamwa pali pemphero. Chifunga chikagwa ndiye zimaipiratu, mtunda suoneka konse. Choncho onani nthawi ya madzi musanachoke pakhomo, tengani kampasi, musapite nokha, ndipo muziyamba kubwerera madzi akadali ochepa, ngakhale nsomba zikhale zikudya bwanji. Cha ku Monomoy, chilumba cha ku Cape Cod komweko, kulinso mashaki akuluakulu otsata nyama za m'nyanja zotchedwa ma seal, musalowe mwakuya.

Za malamulo ndinene mwachidule. Ku Massachusetts aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo amafunika chiphaso. Kuyambira 2023 mumaloledwa kutenga imodzi yokha pa tsiku, ya mainchesi 28 koma yosafika 31, ndipo muzifunsa chaka chilichonse ngati sizinasinthe. Musadandaule nazo. Nsombayi inatsala pang'ono kutha, mpaka Maryland inatseka usodzi wonse wa nsombayi mu 1985 n'kudzatsegula mu 1990. Ife a chambo nkhani yotere si yachilendo. Yomwe simutenga, nyowetsani manja, muikolole ili m'madzi momwemo, muigwirire kumchira mpaka ichoke yokha.

Achimwene kumbuyoko mwaimika dzanja kalekale. Funsani.