Mawu a m'mawa: waya wa earth suyatsa babu

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye. Lero tili pa Mateyu 6:4, ija ya Atate amene amaona mseri, mukuidziwa kale. Ndiyambe ndikunena kuti inu amene mukugwira ntchito yosaoneka musaisiye chonde, ndipo ndikudziuza ndekha poyamba chifukwa sabata ino ine ndinatsala pang'ono kuisiya.

Lachiwiri firiji inandigwira shoko. Ndimafuna nditenge madzi ozizira amayi amwere mankhwala, mukudziwa kutentha kwa kuno ku Nchalo mwezi wa October kuti ngakhale usiku thukuta limangochucha, kungogwira chitseko chonchi dzanja lonse njenjenje. Ndinaitana mnyamata wina yemwe anaphunzira ntchito kwa malemu ababa, anayang'ana firiji, kenako anazungulira kuseri kwa nyumba nkukumba pang'ono. Anapeza waya wa earth, wa green ndi yellow uja, unachita dzimbiri nkuduka pomwe umalumikizana ndi chitsulo chokhomera pansi chija, dothi nalonso gwa ngati njerwa. Anandiyang'ana nkuti achemwali, mdala akanakhalapo izi sizikanachitika. Ndinangolowa m'nyumba osamuyankha.

Ababa anali amagetsi ku kampani ya shuga, analowa ntchito dzina likadali SUCOMA, Illovo isanabwere mu 1997. Ntchito yawo inali ya ma mota a mapampu okoka madzi mu Shire kukathirira mizimbe, ndiye akaitanidwa usiku kuti pampu yaima ankangonyamuka ndi njinga yawo, tesita ili m'thumba la ovolosi. Nyumba tikukhalayi anawayaringa okha. Ndikukumbuka ndili wamng'ono akukhoma chitsulo cha earth, kuthira makala ndi mchere m'dzenje, ndipo chilimwe chilichonse ankanditumiza ndi ndowa kuti kathire madzi pamenepo. Ine ndinkaseka kuti ababa mwadzala chitsulo kodi, chimera liti. Iwo amvekere, waya wa live aliyense amamuopa, neutral naye ali ndi ntchito yooneka, koma uyu sayatsa babu, saliza wailesi, amangokhala m'dothi phee kudikira tsiku lomwe zinthu zidzalakwike kuti moto udzadutse mwa iye osati mwa iwe.

Ndiye tamverani zomwe zinali mumtima mwanga tsiku lomwelo firiji isanandigwire. Achimwene anga ali ku Johannesburg anatumiza ndalama ya mankhwala a amayi, ndipo zikomo, anachita bwino, sindikuwanyoza ayi. Koma pa gulupu ya banja ya WhatsApp ija manja anaombedwa tsiku lonse, azakhali a ku Bangula mpaka voice note kulira kuti mwana ameneyu ndi mdalitso. Ine amene ndimawasambitsa amayi m'mawa uliwonse, kuchapa zofunda, kuwakweza pa kabaza kupita nawo ku chipatala, kudzuka 2 koloko akaitana, palibe ndi mmodzi yemwe anatchula dzina langa. Ndinalemba uthenga wautali wowawa, ndinaufufuta, ndinalembanso. Ndinafika pouza Mulungu kuti basi nanenso ndikufuna ndikhale babu, andione.

Kodi si ambiri tili choncho? Timafuna kuwala pa denga aliyense akalowa atione. Ku mpingo tikapanda kutchulidwa pa zolengeza nkhope imagwa, sabata yotsatira sitibwera kudzasesa. Ndikukudzudzulani mwachikondi inu amayi a chigwirizano ndi inu abambo, koma chala chinachi chikuloza ine.

Ababa analinso a yuniyoni, SPAWUM ija ya ogwira ntchito ku mizimbe. Nthawi ya chipani chimodzi mabungwe a apantchito analibe mawu, anadzayamba kupuma bwino matipate atabwera, lamulo la Labour Relations Act la 1996 nkudzatsimikiza ufulu wolowa bungwe. Iwo sanakhalepo tcheyamani, pa 1 May sankagwira maikolofoni, ankayenda kumbuyo kwa mzere. Ntchito yawo inali yoperekeza munthu ku hearing, mlandu wa kuntchito, kuti asakalowe yekha, kumuwerengera kalata wodula mzimbe amene sukulu sanapite nayo patali, kukumbutsa achinyamata kuti magolovesi ndi jombo si zokongoletsa. Anthu ankabwera pakhonde pathu madzulo atakwiya, ena akulira, ababa nkumangomvetsera mpaka mkwiyo wonse uja utsike. Amayi nthawi zina ankadandaula kuti nsima ikuzizira. Pano ndi pomwe ndikuona kuti moto wa anthu aja unkadutsa mwa iwo nkukalowa pansi, sunkafika kwa ife ana, sindikumbuka tsiku lomwe anabwera nazo m'nyumba nkutikalipira.

Ndipo pansi pomwe ankakatayira ndikupadziwa. 4 koloko m'bandakucha ankagwada pa mkeka ku chipinda chochezera, kutitchula mayina mmodzimmodzi, ngakhale mwana amene wawakhumudwitsa dzulo lake. Kumeneko kunali kuthirira kwawo. Earth wouma sagwira ntchito abale, akhoza kukhalapo ndithu, waya nkumaoneka bwinobwino, koma tsiku la vuto moto umabwerera nkugwira mwana wosalakwa. Ine sabata ino ndinali wouma, Lachiwiri lomwelo ndinawakalipira amayi chifukwa chotaya phala pa chitenje, munthu wodwala manja akunjenjemera. Mkwiyo wa pa gulupu unakagwera iwo.

Mu January 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, ma megawatt pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, dziko lonse mdima, kuno madzi ali m'nyumba za anthu. Ababa anali atapuma kale ntchito, miyendo ikuvuta, koma madzi ataphwera anayenda ndi ndodo khomo ndi khomo kuuza aneba kuti musayatse pa main switch mawaya asanaume komanso asanaonedwe. Palibe anawalipira, mwinanso ena ankati mdalayu akutivutitsa, magetsi ake ali kuti. Pa maliro awo mpomwe tinadabwa, anthu ochokera ku Ngabu, ku Dyeratu, ena sitinawaonepo, aliyense ndi kankhani kake. Bambo wina anangogwira dzanja la amayi nkuti ntchito yanga inapulumuka chifukwa cha amuna anu, ana anga anaphunzira. Ife a m'nyumba nkhani imeneyo sitinkaidziwa nkomwe.

Ndiye musasiye. Inu amene mukulera ana a malemu mchemwali wanu, inu bambo amene malipiro amathera fizi anzanu akumanga, inu amene mumatsegula tchalitchi ena asanadzuke, Atate akuona kuseri kwa nyumba komwe alendo sapitako. Koma thirirani, musangoti ndine wopirira ndine wopirira pomwe mkati mwauma gwa. Ndipo inu a mababu, kamodzikamodzi muzimufunsako amene ali kumudzi akusamala odwala kuti wadzuka bwanji, foni imodzi yokha.

Zinanso, chitsulo cha m'nyumba chikakugwirani shoko musamangoti ndi mmene chimachitira, zimitsani muitane wodziwa ntchito, osati kumangapo pepala la pulasitiki ayi.

Uthenga uja sindinautumize. Mtima sunapoleretu, ndisaname, dzulo ndinaonanso gulupu ija kanthu kena kanandilasa. Mundipempherere. Mnyamata uja analumikiza waya watsopano, anakana ndalama ati mdala sankamulipiritsa pomuphunzitsa. Panopa ndathira kale ndowa imodzi kuseri kuja, amayi akuitana, madzi awo osamba afunda.