Momwe Mungaonere Mphamvu ya Ethylene pa Mbande za Matimati

Aphunzitsi ndi ophunzira amene mukumvera, konzani mabotolo awiri agalasi okhala ndi zivindikiro zothina, thonje, njere za matimati ndi nthochi yakupsa kwambiri. Nyowetsani thonje, yalani pansi pa botolo lililonse, ndipo ikani njere khumi pamwamba pake. Sungani mabotolo onse mumdima weniweni, monga m'katoni yotsekedwa bwino, chifukwa kuwala kukalowa mbande zimawongoka msanga ndipo zimene tikufuna kuona sizioneka.

Kamuzu koyera kakangotuluka m'njere, ikani chidutswa cha nthochi chosasenda m'botolo limodzi lokha, pambali kuti chisakhudze thonje. Tsiku lililonse, usiku, tsegulani mabotolo onse kwa kamphindi kuti mulowe mpweya wabwino, ndipo musinthe nthochiyo isanayambe kuola. Pakatha masiku anayi kapena asanu, yezani mbande ndi rula. Za m'botolo lopanda nthochi zidzakhala zazitali ndi zoonda, pomwe zinazo zidzakhala zazifupi, za tsinde lonenepa, mizu yokwinimbira ndi mutu wopindika ngati mbedza. Chachititsa zimenezi ndi ethylene, mpweya umene nthochi yakupsa imatulutsa, womwenso ndi homoni ya zomera, kutanthauza chinthu chonyamula uthenga wolamulira kakulidwe kake. Wasayansi wa ku Russia Dimitry Neljubow anaona zofananazi pa mbande za nsawawa ku St Petersburg mu 1901.

Pofotokozera ophunzira, tsindikani mfundo iyi, chifukwa ambiri amaitembenuza. M'maselo a matimati muli mapuloteni olandira ethylene, ndipo mpweyawu ukapanda kufika, mapuloteniwa amakhala akugwira ntchito ngati buleki yoletsa majini (malangizo a chibadwa a m'maselo) a kupsa ndi kukalamba. Ethylene ikamatirira ku mapuloteniwa, bulekiyo imamasuka, uthenga n'kudutsa mwa puloteni ya EIN2 mpaka ku puloteni ina ya EIN3, imene imadzutsa majiniwo.

Umboni umene ine ndimaukonda ndi mtundu wa matimati wotchedwa Never-ripe. Mu 1995, wasayansi Harry Klee ndi anzake anaonetsa kuti jini yake imodzi inasintha pamalo amodzi okha, moti puloteni yolandirayo singagwirenso ethylene, ndipo buleki imakhala yogwira mpaka kalekale. Zipatso zake sizifiira bwino, zimangothera pa chikasu chodera, maluwa amachedwa kufota, ndipo mbande zake zimatalikabe ngakhale zitakhala mu ethylene.

Lembani kutalika kwa mbande iliyonse m'mamilimita, tsinde palokha ndi muzu paokha, ndipo mujambule mutu wopindikawo musanazitulutse powala nthawi yaitali.