Wagwa Mumtengo, Musamukoke Manja ndi Miyendo

Zikomo amfumu. Amayi ndi abambo, za mnyamata wathu amene anagwa mumtengo wa mango sabata yathayi nonse mukuzidziwa, ena munalipo. Sindinabwere kudzadzudzula munthu, amene anamunyamula anachita chifukwa cha chikondi. Koma ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndiye mundimvere. Munthu akagwa kuchokera pamwamba kapena akachita ngozi pa kabaza, n'kumadandaula khosi kapena msana, musamukoke manja ndi miyendo. Musamukhazike tsonga.

M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha wofewa wochokera ku ubongo, ngati waya wamagetsi m'paipi. Ndi umene umauza mwendo kuti suntha, umauza mkodzo kuti dikira. Nthawi zina fupa limathyoka mtsemphawo usanawonongeke kwenikweni. Ndiye tikamunyamula anthu anayi msana uli lende, tikamupinda pa njinga mutu ukugwedera, fupa lothyokalo limaufinya. Fupa limagwirana, koma mtsempha uwu ukawonongeka suchira ngati khungu ayi.

Ndinaonapo bambo wina amene anagwa padenga akufolera. Anzake kumuthira madzi, kumugwedeza, amvekere dzuka ndiwe mwamuna. Pofika kuchipatala miyendo inali zii. Ndipo inu a kabaza, chipewa chija mumachikoleka pa handulo chikuteteza ndani? Anthu atatu pa njinga imodzi, thumba la chimanga pamwamba. Inunso amayi, kutuma mwana kunsonga chifukwa cha mango awiri, pamene mtengo wogwetsera ulipo. Musamukoke, musamukhazike tsonga, mwamva?

(Bambo wina kumbuyo: "Adokotala, nanga mankhwala a stem cell akugulitsa pa WhatsApp aja? Akuti wolumala amadzuka.")

Mwafunsa bwino bambo, khalani pansi ndiyankhe mofatsa, chifukwa mbuzi zambiri zathera pamenepa. Stem cell ndi maselo, tinthu ting'onoting'ono topanga thupi, amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina. Kafukufuku wake alipodi. Ku Japan, pa yunivesite ya Keio, madokotala anaika maselo okonzedwa mwapadera mumsana mwa anthu anayi amene anali atangovulala, ndipo mu 2025 analengeza kuti awiri anasintha, mmodzi mpaka kuimirira. Awiri enawo sanasinthe kwenikweni. Anthu anayi okha, ndiponso maselowo anawaika pa opaleshoni. Si ufa wa m'kapepala wosungunula m'madzi.

Ku Lausanne, dziko la Switzerland, gulu la Grégoire Courtine ndi Jocelyne Bloch linadzera njira ina. Mu 2023 anaonetsa bambo wa ku Netherlands, Gert-Jan Oskam, amene anafa miyendo pa ngozi ya njinga mu 2011. Anamuika tizipangizo pachigaza timene timamva pamene akuganiza zoyenda, n'kutumiza uthengawo ku kachipangizo kena kamene kali pamsana kumunsi kwa pamene panavulala. Uthenga umalumpha malo owonongekawo. Bamboyo amaimirira, amayenda ndi ndodo, amakwera masitepe. Ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, koma akadali kuyesa, ndipo iyenso anachita mafizo miyezi ndi miyezi. Ndiye wina akakuuzani kuti ali nazo m'chikwama, akukuberani.

Kafukufuku amene ali kale m'manja mwathu ndi wakale. Mu 1944 dokotala Ludwig Guttmann anatsegula malo osamalira ovulala msana ku Stoke Mandeville, ku England. Nthawi imeneyo asilikali ovulala msana ankafa ndi zilonda zapogonera komanso matenda a m'chikhodzodzo. Iye analamula kuti wodwala azitembenuzidwa maola awiri alionse, usiku womwe, mkodzo uzisamalidwa, ndipo anthu anayamba kukhala ndi moyo, mpaka kuchita masewera. Mpaka lero chimene chimatitengera abale athu akatuluka m'chipatala ndi chilonda cha pathako chimene chinayamba ngati kachipsera. Kutembenuza sikulira ndalama.

Ndisaiwale. Wina sagwa n'komwe, msana umangowawa miyezi, akuwonda, thukuta usiku, miyendo ikulemera. Musathamangire kuti walodzedwa. Ikhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana, ndipo ikapezeka msanga mankhwala ake ndi aulere.

Tsopano inu anyamata ndi atsikana mwakhala pa khondepo. Anthu a ntchito iyi ndife ochepa zedi, moti pali odwala ambiri amene sanaonanepo ndi wa mafizo. Ku yunivesite ya KUHeS amaphunzitsa physiotherapy, mafizo omwewa, ndi udokotala. Ku mayunivesite a MUST ndi MUBAS kuli maphunziro a biomedical engineering, okonza ndi kupanga zipangizo za chipatala. Ku Kachere ku Blantyre odwala amaphunzira kudzisamalira ndi kuyendetsa njinga ya olumala, ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, ndipo konseko kumafunika anamwino ndi a mafizo. Limbikirani bayoloje, fizikisi, kemisitile ndi masamu. Atsikana, musamve zoti sayansi ndi ya anyamata. Ngakhale iwe wowotcherera zitsulo, njinga yolimba yoyenda mumchenga wathu uno ikufunika munthu woipanga.

Ndaona ena ayamba kusuzumira dzuwa, ndithamange. Wagwa, muuzeni asasunthe. Mmodzi agwade kumutu, agwire mutu ndi manja awiri, osaupotoza. Onani ngati akupuma. Mufunseni ngati akumva mukamukhudza zala za kumapazi. Chipewa musachivule mokakamiza, madzi musamumwetse. Zulani chitseko, anthu anayi mumugudubuzire pamenepo thupi lonse limodzi, wa kumutu ndiye aziwerenga. Ikani zitenje zokulunga uku ndi uku kwa mutu, mumumange pachitsekopo. Imbani kuchipatala, pezani galimoto yoti agone chowongoka, osati kabaza. Musamukoke manja ndi miyendo, musamukhazike tsonga. Amfumu, ndipatseni anyamata asanu ndi chitseko chija, tiyeseze pompano.