Kuvutika Maganizo: Anthu a ku Latin America Okhala ku United States Amathawira Kuti?

Taganizirani mayi wochokera ku Mexico kapena ku Guatemala, akukhala mumzinda wa Houston ku United States, ndipo wayamba kudwala matenda ovutika maganizo. Kwa dokotala wa zamaganizo sapitako msanga. Kwawoko wopita kumeneko amamuti wapenga, komanso za m'nyumba sizituluka pakhomo. Amayamba wauza mchemwali wake, kenako wansembe kapena abusa. Ena amakaonana ndi curandero, sing'anga wachikwawo.

Akafika kuchipatala amadandaula za thupi: mutu, kusowa tulo, mtima kuthamanga, m'mimba. Mayiyo amati ndi nervios, liwu la Chisipanishi lonena za nkhawa ndi kusakhazikika mtima. Dokotala wapachangu amangomupatsa mankhwala a mutu n'kumubweza. Wodziwa ntchito amatulutsa PHQ-9, pepala la mafunso 9 lomwe lilipo m'Chisipanishi. Limafunsa za masabata awiri apitawo, mapointi ake kuyambira 0 kulekeza 27. Akakwana 10, wodwalayo ayenera kuunikidwa mozama.

Funso lomaliza ndi lokhudza maganizo ofuna kufa, ndipo apa m'pamene zimasokonekera. Mabanja ambiri amatenga mwana kuti akamasulire. Ndi mayi uti angaulule zodzipha kudzera pakamwa pa mwana wake wa zaka 12? Amangoti ayi. Chonsecho chipatala cholandira ndalama za boma chiyenera kupereka womasulira mwaulere, potsatira lamulo la ufulu wa anthu la 1964. Ndi nkhani yongopempha.

Ambiri alibe inshulansi, ena alibe mapepala okhalira m'dzikomo, choncho amaopa ngakhale kulembetsa dzina. Zipatala za m'madera, zotchedwa community health centers, zimalipiritsa molingana ndi zimene munthu amapeza, ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikuthandizanso opanda mapepala. Amene amawalondolera kumeneko nthawi zambiri ndi ma promotora, alangizi azaumoyo ochokera pakati pawo pomwe.

Tsono mankhwala. Mapiritsi ngati sertraline amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti munthu amve kusintha, pomwe nseru ndi mutu zimabwera masiku oyambirira. Ngati sanamufotokozere, amasiya, poopanso kuti azolowera ngati chamba. Ngakhale atapeza bwino, ayenera kupitiriza miyezi 6 kapena kuposerapo, n'kusiya pang'onopang'ono mouzidwa ndi dokotala. Ambiri amakonda uphungu kusiyana ndi mapiritsi, koma aphungu olankhula Chisipanishi ndi ochepa, ndipo wogwira maganyu awiri sapeza mpata wopitako sabata iliyonse.

Zikafika pothina, ku United States amaimba 988, nambala yomwe inayamba mu 2022. Akadina 2, amayankhidwa m'Chisipanishi.